Gitala, mabuku ndi jazz: muyambire pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi mwa owerenga, amene wakhala akuphunzira gitala ya classical kwa zaka zitatu. Akuti watopa ndi tinyimbo tofewetsera zala, ndiye akufunsa ngati zilipo nyimbo za gitala imeneyi zochokera m'mabuku kapena zopendekera ku jazz.

Zilipo, achimwene, zambiri ndithu.

Ya m'mabuku imene ndimaikonda ndi Platero y yo, imene Mario Castelnuovo-Tedesco anapeka mu 1960. Anatenga buku la Juan Ramón Jiménez, mlakatuli wa ku Spain, lokamba za munthu ndi kabulu kake, n'kupanga tinyimbo 28 toti wina aziwerenga mawu gitala ikulira pansipansi. Andrés Segovia, woimba gitala wotchuka, anajambulako tina popanda wowerenga. N'tokoma, koma kwa ine zili ngati kumvetsera munthu akuyankhula pa foni, winayo osamumva.

Leo Brouwer wa ku Cuba anapeka El Decamerón Negro mu 1981, kupekera woimba gitala Sharon Isbin, kuchokera ku nthano za ku Africa zimene Leo Frobenius anatolera. Palinso Royal Winter Music ya Hans Werner Henze, yojambula anthu a m'masewero a Shakespeare. Imeneyo isiyeni kaye, ingakuthyoleni zala.

Ku jazz ndiye kuli nkhani. Malcolm Arnold, popekera woimba gitala Julian Bream concerto (nyimbo ya gitala ndi gulu la zoimbira) mu 1959, anaika pakati chigawo chodekha chokumbukira Django Reinhardt, woimba gitala ya jazz amene anamwalira mu 1953. Koma katswiri wosakaniza jazz ndi gitala ya classical anali Roland Dyens, wobadwira ku Tunis mu 1955, amene ankatsegula makonsati ake ndi nyimbo yongopeka pomwepo, anthu akuona.

Vuto n'lakuti swing papepala saoneka. Manotsi awiri amalembedwa ofanana, koma poyimba loyamba limatalikirapo, lachiwiri n'kufupika, chala chachikulu chikugunda besi mosasuntha pamene zinazo zikuchita ngati zachedwa. Ine nditayamba Nuages (kutanthauza mitambo) ya Reinhardt monga anaikonzera Dyens, ndinkatsata pepala ndendende. Mnzanga woimba saxophone anaseka chikhakhali, amvekere: "Amenewa ndi asilikali akuguba, si mitambo ayi."

Ndiye inu pepalalo musalitsegule msanga. Mverani Reinhardt mwiniwake kwa sabata yathunthu, mukugunda phazi pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi. Mukatero tengani mizere inayi yoyambirira yokha, mudzijambule pa foni, munditumizire ndimve.