Musanakwere basi ya ku Songwe, yang'anani kaye pakhomo

Achemwali, mwafunsa kuti geni yokaoda katundu ku Tanzania imayenda bwanji, komanso ngati mayi wa ana atatu ngati inu angaikwanitse. Ndikuyankhani monga ndaionera ineyo, amene ndimagulitsa zitenje ndi nsapato mumsika wa Zomba.

Ulendo wake ndi wautali. Kuchoka kuno mumafika kaye ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kenako basi ya ku Karonga, mpaka pa boda ya Songwe. Kutsidya kwake amati Kasumulu. Wa mpamba wochepa amathera pa Kyela kapena ku Mbeya. Amene thumba lake lili bwino amapitirira mpaka ku Dar es Salaam, kumsika wa Kariakoo. Kumeneko katundu ndi wotchipa, koma mukaoda zochepa phindu lonse limathera pa thiransipoti ndi pogona. Pasipoti isakhale yotha ntchito. Posintha makwacha kukhala mashilingi werengani kawiri, musachite manyazi ngakhale wosinthayo akufulumizeni. Pobwerera onetsani katundu kwa a MRA, lipirani msonkho, malisiti musunge pamalo pouma. Alipo anyamata amene amati akudutsitsirani katundu njira zamadulira. Tsiku limene adzagwidwe, wolira adzakhala inuyo.

Poika mtengo musamangoona zimene munagulira, muziona zimene mudzagulire mukabwereranso. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Amene anagulitsa pa mtengo wakale anaoneka ngati apindula, koma atafika kutsidya ndalama ija sinakwane kuoda katundu yemwe uja.

Komabe ambiri amene ndawaona akusiya geni imeneyi sanagwere pa boda ayi. Mpamba wawo unathera kunyumba.

Mu Malichi 2023, namondwe Freddy akusakaza kuno kummwera, ine ndinali ku Mbeya. Ana ndinawasiya ndi mphwanga. Mwana wamng'ono anayamba kutsegula m'mimba usiku, ndipo inali nthawi ya kolera ija. M'nyumba munalibe Thanzi, munalibe tochi, makala anali atanyowa, foni inali itazima chifukwa magetsi kunalibe. Uthenga unandipeza kudzera mwa aneba patapita tsiku. Ndinatumiza ndalama ya mpamba, ndinabwerera ndi theka la katundu, ndipo zinanditengera miyezi kuti ndiimenso. Mwana anachira, Mulungu ndi wabwino, koma cholakwa chinali changa.

Kuchokera pamenepo ndili ndi ndowa yovindikira imene imakhala pansi pa bedi, ndipo sindikwera basi ndisanaitsegule. Muli mapaketi a Thanzi, botolo la Waterguard, Panado, sopo, bandeji, machesi okulunga mu jumbo, makandulo ndi tochi ya sola. Mabuku a kuchipatala a ana onse ali mu jumbo yawoyawo, chifukwa usiku wa matenda si nthawi yofufuza buku m'masutikesi. Pa chivindikiro ndinamatapo pepala: Thanzi akatha, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa, masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Ndinalembanso kuti mwana akatentha thupi, Panado si mankhwala a malungo. Apite naye akayezedwe tsiku lomwelo, kuchipatala cha boma salipiritsa, ndipo zikavuta Zomba Central ilipo.

Manambala a foni ndinawalemba pa pepala lomwelo: ya aneba, ya amalume awo, ndi ya mnyamata wa njinga yamoto amene ndikudziwa kuti amadzuka ngakhale pakati pa usiku. Nambala ikakhala mu foni yokha, foni ikazima yapita nayo. Ndalama ya ulendo wa kuchipatala ndimasiya yamapepala mu envulopu. Airtel Money ndi Mpamba n'zothandiza, koma maejenti usiku amakhala atatseka, netiweki nayo imathawa mvula ikakula.

Za chakudya n'zosavuta: ufa wokwana masiku a ulendo n'kuonjezera ena anayi, chifukwa basi imafa ndipo misewu imaduka. Nyemba, matemba ouma a ku Chilwa, mchere, kathumba ka makala kokhazika pamalo pokwera, ndi zigubu ziwiri za malita 20 zodzadza madzi. Chimanga ndimagula nthawi yokolola, cha mu Meyi kapena Juni, kwa Jali kapena pa Songani, osadikira Januwale pamene mtengo umapenga. Denga ndimaliona mu Okutobala. Msomali umodzi wa pa lata ndi wotchipa kusiyana ndi katoni ya zitenje yonyowa.

Mwina mukuti zonsezi ndalama yake ichokera kuti, poti mpamba womwewo ndi wochepa. Sindinagule tsiku limodzi. Ulendo uliwonse ndinkaonjezera chinthu chimodzi, lero tochi, wotsatira chigubu. Phindu ndimaligawa patatu ndisanadyeko ngakhale mandasi: la mpamba, la pakhomo, ndi kochepa ka mu envulopu. Kubanki m'khonde kwathu kulinso thumba la zadzidzidzi limene timaponyamo sabata iliyonse, ndipo landithandizapo pa maliro. Katapila yekha musamuyandikire. Ndinaona mnzanga akugulitsa benchi yake chifukwa cha ngongole imene anaitenga usiku umodzi mwana atadwala.

Chovuta kwambiri, ndikuuzeni zoona, ndi achibale. Akamva kuti mwapita kunja amati mwalemera, ndiye vuto lililonse la kumudzi limagogoda kwa inu. Thandizani kuchokera pa la pakhomo. La mpamba muzinena kuti si lanu, ngakhale akutcheni woumira.

Ndiye mukafuna kuyamba, ulendo woyamba tipite limodzi, tikathere pa Kyela pompo, muode zochepa muone mmene zitulukire. Ndikunyamuka mwezi wamawa. Bwerani Loweruka ku benchi kwanga masana msika ukaphwa, mutenge kope ndi cholembera tiwerengere limodzi, ndipo mundiuze amene adzagone ndi ana masiku amenewo.