Kamera ya alamu, ma lenzi atatu ndi ulendo wa ku Zanzibar: nditenge ziti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa amai ena a ku Chelstone, ndipo ndawapempha kuti ndiwayankhe poyera chifukwa funso lawo ndimalimva pafupipafupi ndikamajambula ma kichini pati. Mwachidule akuti ali mu gulu la chilimba la azimai 14, akhala akusonkha chaka chonse ndipo mu Ogasiti akupita ku Zanzibar masiku 6, ndeke mpaka Dar es Salaam kenako boti. Alamu awo awabwereka Canon 2000D ndi chola chake chonse, muli lenzi ya 18-55, ka 50mm, chilenzi cha 75-300, flashi yoika pamwamba ndi tripod, iwo akuganiza zoonjezerapo laputopu. Atenge ziti asiye ziti, poti anzawo agwirizana kuti aliyense anyamule katundu wochepa?

Amai, choyamba muwathokoze alamu anuwo, si aliyense amabwereketsa kamera. Koma theka la cholacho muwabwezere musananyamuke. Tengani kamerayo, lenzi ya 18-55, chaja, mabatire awiri, ma memori khadi awiri ndi kansalu kopukutira galasi, basi. Ndikudziwa mukuti ah, nanga zinazi zikakafunika kumeneko? Ndi mmene ndinkaganizira inenso.

Zaka zingapo zapitazo ndinapita ndi kwaya yathu ku Cape Town, ndinanyamula makamera awiri, ma lenzi anayi, tripod, chilichonse, poti ine ndiye wojambula wa gulu. Pa eyapoti anaika chola changa cham'manja pa sikelo chinakwana 11 kg pomwe amalola 7, ndiye ndinayamba kupakula pomwepo anthu ali pa mzere kumbuyo kwanga, kamera imodzi m'khosi, ma lenzi m'matumba a jekete ngati ndaba, amai busa akungondiyang'ana. Kumeneko ndinkangotsalira m'mbuyo, anzanga akwera kale basi ine ndikadali kusintha lenzi, phewa likuwawa mpaka usiku. Pobwera ndinali ndi zithunzi pafupifupi 2,000 ndipo ine ndikuoneka pa ziwiri chabe, china mwa izo ndi chithunzithunzi changa pansi pa msewu. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndiye ndinali ine ameneyo.

Nkhani ndi yakuti ulendo wa gulu suyendera wojambula. Mukakhala nokha mutha kuima pa chitseko chimodzi mphindi 20 kudikira dzuwa lisunthe, koma anthu 14 sangakudikireni, wina akufuna chimbudzi, wina wamva njala, wina walowa kale mu shopu akutsitsa mtengo wa kanga, gaidi akuti tiyeni tiyeni. Chithunzi chimene simunajambule m'masekondi 10 chapita. Ndiye kamera imene ikugwira ntchito ndi yomwe ili kale m'manja yoyatsa, osati ili pansi pa chola pansi pa mataulo. Inunso munasonkha ndalama zanu mwezi ndi mwezi monga anzanuwo, simukupita kukagwira ganyu.

Manje tione chimodzichimodzi. Kamera yanuyo ndi batire lake imalemera 475 g, lenzi ya 18-55 ndi pafupifupi 200 g, zonse pamodzi sizifika ndi 700 g yomwe, mutha kuyenda nazo tsiku lonse. Anthu amaipeputsa 18-55 ati ndi lenzi yobwera ndi kamera, koma pa ulendo ngati uwu ndi imene ikuyenera. Stone Town, tawuni yakale ya ku Zanzibar, ndi tinjira topanikizika, nyumba mbali iyi nyumba mbali inayo, njinga zamoto zikudutsa momwemo, mulibe malo obwerera m'mbuyo kuti nonse mukwane pa chithunzi, ndiye 18mm ija ndi imene idzakupulumutseni. Mukafuna nkhope ya munthu mmodzi ataima pa zitseko zosema zija mungozunguza kufika pa 55.

Chilenzi cha 75-300 chisiyeni ku Chelstone. Chimalemera 480 g, kuposa kamera yeniyeniyo, ndipo chilibe chija choletsa kugwedera, ndiye pa boti mafunde akukukankhani mudzangopeza zithunzi zosaoneka bwino. Mukanati mukupita ku Mfuwe kukaona mikango ya ku South Luangwa ndikanati chimenecho ndiye choyamba kulowa m'chola. Koma nyama za ku Zanzibar sizithawa munthu, apusi ofiira a ku nkhalango ya Jozani amakhala pa nthambi pamwamba pa mutu panu pomwepa, ndipo afulu akuluakulu a pa chilumba cha Changuu, chimene alendo amachitcha Prison Island, mumachita kuwalambalala kuti musawaponde.

Ka 50mm ndiye kandivutitsa mutu pang'ono. Kamalemera 160 g chabe ndipo usiku kamaona bwino kwambiri chifukwa kamatseguka kwambiri mpaka f/1.8 n'kulowetsa kuwala kochuluka, pa Forodhani pamene amaotcha nsomba ndi kukazinga Zanzibar pizza madzulo, utsi ndi nyali ndi madzi a nzimbe, kangakupatseni zithunzi zokongola zedi. Koma pa kamera yanu kamakoka zinthu pafupi ngati 80mm, kutanthauza kuti anthu awiri akwana, atatu mwina, gulu lonse iwalani. Ine ndikanakatenga. Inu mukatenge pokhapokha ngati mwakayeserera kunyumba ndipo manja anu azolowera kusintha lenzi osachita mantha, ndipo muzisinthira ku chipinda musanatuluke, osati pa mchenga. Ngati mpaka pano simunachotsepo lenzi pa kamera, kasiyeni, foni zamasiku ano usiku zimayesetsa.

Tripod ayi. Flashi yaikulu ayi, kamera ili ndi kaflashi kake kotumphuka pamwamba ndipo kakukwanirani. Laputopu ayi ndithu, mukufuna muzikakhala mu chipinda kusankha zithunzi anzanu ali m'madzi? 2000D ili ndi Wi-Fi, ikani app ya Canon Camera Connect pa foni mudakali kuno, muyesere kulumikiza kamodzi kawiri chifukwa tsiku loyamba imavutako, ndiye madzulo aliwonse muzikokera zabwino 20 kapena 30 mu foni. Potumiza pa gulu la WhatsApp muzitumiza ngati document kapena musankhe HD, apo ayi zimafinyidwa ndipo wina akadzafuna kutsukitsa chachikulu chopachika pa khoma adzakudandaulani.

Za mabatire mumvetsetse bwino chifukwa apa ndi pamene anthu amakangana ndi a pa eyapoti. Batire lapadera la lithium ndi power bank sizilowa mu sutikesi yopita pansi pa ndeke, zimakhala m'chola cham'manja. Malire ake ndi 100 Wh (muyeso wa mphamvu ya batire) popanda kupempha chilolezo, ndipo power bank ya 20,000 mAh, zomwe tonse tinagula chifukwa cha kuzimazima kwa malaiti kuno, ndi pafupifupi 74 Wh ndiye ili bwino, bola zolemba zake zikhale zikuwerengeka osati zofufutika. Dziwaninso kuti power bank idzathandiza foni chabe, 2000D sichajidwa ndi chingwe cha USB, batire lake la LP-E10 limafuna chaja yake ya pakhoma, mukaiwala chajayo ndiye kuti kamera yasanduka mwala pa tsiku lachiwiri. Batire limodzi limajambula zithunzi pafupifupi 500 mukamayang'anira pa kadiso, mukamayang'anira pa sikirini limatha msanga, ndi azimai 14 aliyense akuti tione tione ndatuluka bwanji, lachiwiri likufunika. Mwayi wake ma pulagi a ku Tanzania ambiri ndi ofanana ndi athu a mano atatu aja, si ngati ku South Africa kumene timachita kusaka adaputa, koma mmodzi pa chipinda chilichonse atengeko ka ekisitenshoni, soketi imakhala imodzi mafoni anayi.

Ma khadi tengani awiri a 32 GB m'malo mwa imodzi yaikulu, pa tsiku lachitatu musinthe, yodzazayo muiike pamodzi ndi pasipoti. Ndipo mugule pa shopu yodalirika. Ndinagulapo khadi yotchipa pa kasitolo kena mu tawuni yolembedwa 64 GB, inadzaza isanafike ndi kotala yomwe ndipo zina za pa chilanga mulilo cha munthu zinakana kutseguka, manyazi ake sindinaiwale mpaka lero.

Tsopano chimene sitichidziwa ife okulira ku Lusaka ndi chinyezi. Kuno tili pamwamba, mamita opitirira 1,200, Ogasiti ndi mphepo youma ndi fumbi, milomo kung'ambika. Kunyanja ya mchere mpweya ndi wonyowa, ndiye mukatuluka mu chipinda cha AC kapena mu boti ija ya maola awiri kuchokera ku Dar es Salaam, imene mkati mwake mumazizira, galasi la lenzi limachita nthunzi ngati chivundikiro cha poto. Musapukute mwamphamvu, musatsegule kalikonse, ingoisiyani m'chola mphindi 15 izolowere kutentha. Madzi a mchere ndi mchenga ndiye adani enieni, mchenga ukalowa mozungulira mwa lenzi mudzamva kukhwekhwereza ndipo alamu adzamvanso. Pokwera ngalawa zazing'ono zopita ku tizilumba nthawi zambiri mumayamba mwaponda m'madzi, ndiye kamera ikhale mu kathumba kosalowa madzi kamene amati dry bag. Musadalire ma pulasitiki a mu shopu, Tanzania inawaletsa kuyambira Juni 2019. Tsiku losambira lenilenilo kamera itsale yokhomeredwa ku chipinda, katundu wa eni ake uyu.

Pali chinanso chimene palibe lenzi ingakukonzereni. Ndikudziwa mwasoketsa kale yunifomu, ndipo ndikhoza kubetcha kuti pali tsiku lovala zoyera nonse pa gombe. Mchenga wa ku Nungwi ndi woyera, zovala zoyera, dzuwa lili pamutu, kamera ikaona kuwala konseko imadzichepetsera yokha ndipo nkhope zathu zakudazi zimangotuluka bii, mano okha. Chozungulira chosankhira kajambulidwe pamwamba pa kamera muike pa P, dinikizani kabatani kolembedwa Av ndi +/- uku mukuzunguza kagudumu mpaka pa +1, muone nkhope zikubwerera. Ngati anthu ali pafupi, mamita awiri atatu, tumphutsani kaflashi ngakhale ndi masana, kamachotsa mdima wa pansi pa maso ndi pansi pa zipewa. Koma chabwino koposa ndi kukana kujambula gulu masana. Auzeni kuti chithunzi cha yunifomu ndi m'mawa cha m'ma 7 kapena madzulo kuyambira 17 koloko, dzuwa kumeneko limalowa itangopitirira 18. Musinthenso wotchi ya mu kamera mukangofika, Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, mukadzasakaniza zithunzi zanu ndi za m'mafoni a anzanu zidzayalana bwino.

Malo amodzi ndikupemphani musawadumphe ngakhale anzanu akhale akuthamangira ku shopu. Mu Stone Town muli tchalitchi cha Anglican cha Christ Church chimene chinamangidwa pamalo pamene panali msika wa akapolo, msikawo unatsekedwa mu 1873, ndipo ambiri ogulitsidwa pamenepo ankachokera mbali zathu zino za ku nyanja ya Malawi ndi kumtunda kwake. Mkatimo muli mtanda wopangidwa ndi mtengo wa kwa Chitambo, kwathu konkuno ku Zambia, pamene anakwirira mtima wa David Livingstone chaka chomwecho. Muli mdima pang'ono, ndiye lenzi pa 18, ISO, imene imathandiza kamera kuona mu mdima, pa 1600, zigongono mutsamize pa benchi, flashi ayi. Mwina mukafika mu tizipinda tapansi mmene amati ankasungiramo anthu simudzafuna n'komwe kujambula, zimachitika.

Anthu a ku Zanzibar ambiri ndi Asilamu ndipo si onse amakondwa kuloza kamera pa iwo, makamaka azimai ndi ana. Funsani kaye, m'Chiswahili amati naomba kupiga picha, kutanthauza ndikupempha kujambula, akakana mumwetulire mupitirire. Apanso kamera yaing'ono imathandiza, chilenzi chachitali chija chimaopseza anthu.

Pomaliza amai, tsiku loyamba lomwelo musankhe anzanu awiri amene manja awo sanjenjemera, muwaonetse pogwira, poyang'anira ndi podina, lamba m'khosi nthawi zonse, ndipo mugawane masiku, lero ndi inu mawa ndi wina. Chithunzi cha nonse 14 muike kamera pa tebulo kapena pa kampanda, chitenje chopinda pansi pake kuti ilunjike, musankhe timer ya masekondi 10 imene imajambula zingapo motsatizana chifukwa nthawi zonse pamakhala wina wophethira, mudine, muthamange mukaime pakati. Mukabwera munditumizireko chimenecho, ndikufuna ndione yunifomuyo.