Kwa achimwene amene akubwera ndi alamu ku Lusaka koyamba

Achimwene, mwafunsa kuti inu ndi alamu mukafika kuno Lachisanu madzulo kuchokera ku Lilongwe, n'kubwerera Lolemba, mungaone chiyani ndipo mungakadye kuti. Ndaona ambiri akukutumizani ku Manda Hill ndi ku East Park. Kumeneko n'kwabwino pothawa dzuwa ndi posintha ndalama, koma mungawoloke Mchinji ndi Mwami, msana n'kuuma m'basi tsiku lathunthu, kuti mudzaone mashopu basi? Ine ayi.

Pogona pezani cha ku Rhodes Park kapena ku Longacres, chifukwa zambiri zimene nditchule zili pafupi ndi kumeneko. Basi ikakutsitsani pa Intercity, itanani takisi ya Yango pa foni. Mtengo umaoneka musanakwere, palibe zokanganirana ndi munthu mutatopa.

Loweruka mulawirire ku Independence Avenue. Muyambe ndi Freedom Statue, chipilala cha munthu wodula maunyolo chimene chinaimikidwa mu 1974, dziko litakwanitsa zaka 10 lili pa ufulu. Pambali pake pali Lusaka National Museum, ola limodzi likukwanirani. Mukatsata msewu womwewo mufika pa Embassy Park pamene anagona atsogoleri athu: Mwanawasa, Chiluba, Sata, Kaunda ndi Rupiah Banda. Kumeneko kuli maofesi a boma ambiri, ndiye muzifunsa kaye musanajambule.

Koma malo amene ine ndimawakonda kuposa onsewa ndi kanyumba ka nambala 394 ku Chilenje, kamene a Kaunda ankakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962. N'kakang'ono moti munthu umadabwa kuti banja lonse ndi alendo a ndale ankakwanamo bwanji. Panja pali Land Rover yakale imene ankayendera pomenyera ufulu. Inu a ku Malawi musakuphonye, paja bambo awo a Kaunda anachokera kwanuko, kumene kale kunkatchedwa Nyasaland.

Nkhomaliro ndiye nkhani yaikulu. Pitani ku Matebeto ku Thornpark, nthawi isanapitirire 1 koloko ndiwo zabwino zisanathe. Kumeneko simuwerenga pepala la zakudya, mumangoyenda n'kumaloza m'miphika: nkhuku yachikuda, nyama yowotcha, buka ya ku nyanja ya Tanganyika, kapenta (ameneyu ali ngati usipa wanu, koma musatiuze kuti usipa ndiye wokoma, tidzakangana), chibwabwa (nkhwani) ndi impwa (timabiringanya ting'onoting'ono). Mukamva akuti ifisashi musadabwe, ndi ndiwo zotendera zomwe zija. Mulawenso chikanda, chimene kwanu ena amati chinaka. Kuno timachidya chodula timagawo, chothira tsabola pang'ono. Alamu akakhala olimba mtima, pali vinkubala, zija zokhala ngati mphalabungu. Mutsirize ndi munkoyo, m'bale wake wa thobwa, kungoti wowawasa pang'ono chifukwa cha mizu imene amathiramo. Nsima ya kumeneko ikakulowani, konzekani kuyenda mwaulesi.

Masana ku Kabwata Cultural Village pa Burma Road, m'tinyumba tozungulira taudzu, muli osema ziboliboli ndi oluka madengu. Nenererani, mtengo woyamba si weniweni. Alamu akafuna zitenje, Kamwala si patali, koma mashopu ambiri sachedwa kutseka Loweruka, ndiye ngati zitenjezo zili pamtima muyambe kumeneko. Cairo Road ndi Findeco House mudzangoziona podutsa. Ku Soweto Market musapiteko ulendo uno, kumafuna munthu wokudziwa.

Lamlungu m'mawa tengani galimoto yoti ikudikirireni, mupite ku Lusaka National Park kudzera Leopards Hill Road. Pakiyi inatsegulidwa mu 2015, ndipo ndi kumene amalerera ana a njovu amasiye amene kale ankasungidwa ku Lilayi. Mufike dzuwa lisanafike pamutu kuti muwaone akuthamangira mabotolo a mkaka. Pobwerera mudzere pa Arcades, Lamlungu lililonse pamakhala msika wa zosemasema ndi mikanda pamalo oimika magalimoto. Chakudya chamadzulo mukadye mofatsa awiriwiri ku Kabulonga kapena ku Rhodes Park komweko, malo odyera a Amwenye ndi a Matchaina aliko ambiri.

Tikiti yobwerera mugule Loweruka, musadikire Lolemba. Mabasi olowera kum'mawa amanyamuka m'mbandakucha, ndipo pa Luangwa Bridge musungeko makwacha ochepa ogulira nsomba zouma za apongozi.