Cologne: Kodi Ndi Mtsinje wa Rhine Wokha Umene Unakulitsa Mzindawu?

Mayi wina amene amawerenga tsamba lino wandilembera imelo. Mwana wawo ali pasukulu ku Cologne, m'dziko la Germany, ndipo amawatumizira zithunzi za chitchalitchi cha nsanja ziwiri chomwe chili m'mbali mwa mtsinje. Funso lawo ndi ili: "Mzindawu unayamba liti, nanga unakula bwanji? Kodi ndi chifukwa cha mtsinjewo?"

Zikomo mayi pondilembera. Mtsinjewo unathandizadi, koma m'mbali mwa Rhine muli matauni ankhaninkhani omwe sanafike pomwe Cologne inafika. Ine ndimaona kuti chinalemeretsa anthu a ku Cologne n'chakuti anapeza mphamvu yoimitsa katundu wa anthu ena pakhomo pawo.

Mzindawu anaukhazikitsa ndi Aroma. Mu chaka cha 50, Agrippina, mkazi wa mfumu Claudius komanso mayi wake wa Nero, anapempha mwamuna wake kuti malo amene iye anabadwira akwezedwe kukhala mzinda weniweni wa Aroma, ndipo zinatheka. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale ankakhala pafupi ndi mtsinje, madzi akumwa ankawatenga kumapiri a Eifel, kudzera mu ngalande yotalika makilomita pafupifupi 95. Cha m'ma 310, mfumu Constantine anamanga mlatho wowolokera tsidya lina. Mlathowu utatha, anthu anakhala zaka mazanamazana akuwoloka ndi mabwato, mpaka mu 1859 pomwe panamangidwanso mlatho wokhazikika.

Tsopano apa ndi pomwe pagona nkhani. Kumunsi kwa Cologne, cha ku Netherlands, Rhine ndi wotakata ndipo amayenda mofatsa, choncho kunkayenda zombo zikuluzikulu. Kumtunda, cha ku Koblenz ndi Bingen, mtsinje umadutsa pakati pa mapiri ndi miyala, ndipo kunkafunika zombo zamtundu wina zosazama kwambiri m'madzi. Katundu ankayenera kutsitsidwa m'chombo china n'kukwezedwa m'china, ndipo malo ake anali Cologne. Mu 1259 bishopu wamkulu Konrad von Hochstaden analimbitsa zimenezi ndi lamulo: wamalonda aliyense wodutsa azitsitsa katundu wake n'kumuika pamsika masiku atatu, kuti eni mzinda ayambe agula. Taganizani inu mwanyamula migolo ya nsomba zamchere kapena ya vinyo wopita kwina, koma muime, mutsitse, anthu aunike, asankhe zabwinozabwino, muwalipirenso onyamula ndi oyeza. Tinene zoona, uku kunali kudyera masuku pamutu alendo, kungoti kunali kololedwa. Lamuloli linatha mu 1831.

Chuma china chinabwera ndi mafupa. Mu 1164 bishopu wamkulu Rainald von Dassel anabweretsa kuchokera ku Milan mafupa omwe anthu ankakhulupirira kuti ndi a anzeru akum'mawa aja. Oyenda maulendo achipembedzo anayamba kukhamukira kumeneko, ndipo mlendo amafuna pogona ndi chakudya. Tchalitchi chimene mumaona pazithunzicho anachiyamba mu 1248 kuti musungidwe mafupawo. Cha m'ma 1300, Cologne inali ndi anthu pafupifupi 40,000, kuposa mzinda wina uliwonse m'madera olankhula Chijeremani, itazunguliridwa ndi linga la zipata 12.

Amalonda atalemera anatopa ndi kulamulidwa ndi bishopu. Pankhondo ya ku Worringen mu 1288 anagwirizana ndi adani ake n'kumugonjetsa, ndipo mabishopu otsatira anayamba kukhalira ku Bonn ndi ku Brühl. Nkhondo yomweyo ndi imene inapatsa kamudzi ka Düsseldorf ufulu wokhala tauni. Lero Düsseldorf ndiye likulu la chigawo cha North Rhine-Westphalia, ngakhale Cologne ndi yaikulu kuposa iyo. Mwana wanuyo akuuzani mmene awiriwa amanyogodolerana, mpaka pa nkhani ya mowa.

Kenako mzinda unagona. Malonda akuluakulu anasamukira kumadoko a kunyanja ngati Antwerp ndi Amsterdam, pomwe Cologne inkangokakamira malamulo ake akale. Inathamangitsa Ayuda mu 1424, ndipo kwa nthawi yaitali Apulotesitanti sankaloledwa kukhala nzika zenizeni. Ntchito yomanga tchalitchi inaima, ndipo chimakina chamatabwa chokwezera miyala chinangokhala pamwamba pa nsanja yosatha kwa zaka pafupifupi 400. Mibadwo inabadwa n'kufa ikuchiona pomwepo. Anachichotsa mu 1868.

Anaudzutsa mzindawu ndi akunja. Asilikali a France analowa mu 1794, kenako mu 1815 unaperekedwa ku ufumu wa Chijeremani wa Prussia. Kunabwera njanji ndi mafakitale. Ku Deutz, tsidya la mtsinje, Nikolaus Otto anapanga injini yake mu 1876, kholo la injini za galimoto za petulo zomwe timakwerazi. Tchalitchi chinamalizidwa mu 1880, patatha zaka 632, nsanja zake zitafika mamita 157. Chaka chotsatira anayamba kugumula linga lija kuti mzinda upeze kofutukukira. Konrad Adenauer, yemwe anali meya kuyambira 1917 mpaka 1933, anatsegulanso yunivesite mu 1919 ndipo anakopa kampani ya Ford kudzamanga fakitale.

Mukamaona pazithunzi kuti nyumba zambiri za pakati pa mzinda ndi zosakongola kwenikweni, chifukwa chake ndi nkhondo. Usiku wa pa 30 May 1942 ndege za Britain zoposa 1,000 zinatumizidwa kukaphulitsa Cologne, ndipo mabomba anapitirira mpaka 1945. Mwa anthu oposa 750,000 omwe ankakhalamo, pomwe nkhondo inkatha munatsala pafupifupi 40,000; ambiri anali atathawa kapena kusamutsidwa. Tchalitchi chinavulala koma sichinagwe. Mzindawu anaumanganso mwachangu, ndi konkire, chifukwa anthu ankafuna pogona.

Lero muli anthu opitirira miliyoni imodzi. Mumuuze mwana wanuyo kuti asachite lendi chipinda chapansi pafupi ndi mtsinje osafunsa kaye: mu 1993 ndi mu 1995 Rhine anasefukira kupitirira mamita 10, madzi n'kulowa m'misewu ya kumzinda wakale.