Anthu a ku Singapore sakudzikweza ayi

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji anthu a ku Singapore amalusa sitima ikangoima pang'ono, pomwe ife kuno ku Lilongwe timatha ola lathunthu pa depoti kudikira minibasi ya ku Area 25 idzaze. Kumeneko kukhala ndi galimoto n'kodula zedi chifukwa uyenera kugula kaye chiphaso cha boma, ndiye ambiri amadalira sitima ndi mabasi. Sitima za SMRT, kampani yoyendetsa sitima kumeneko, zitawonongeka kawiri mu Disembala 2011, boma linakhazikitsa komiti yofufuza, mkulu wa kampaniyo Saw Phaik Hwa anatula pansi udindo mu Januwale 2012, kampaniyo n'kulipitsidwa chindapusa cha madola a ku Singapore 2 miliyoni. Chimandipweteka ine n'chakuti kuno minibasi ikafera pa M1, kondakitala amangoti tsikani, ndalama kubweza theka, kokadandaula osakudziwa n'komwe.