Sitima ya ku Beira inathera pati?

FUNSO: Agogo anga aamuna amakonda kusimba kuti ali mnyamata, boma lathu lino likutchedwa Fort Manning, ankakwera lole mpaka ku Salima, n'kukwera sitima ya pamtunda kukafika ku Beira. Ife njanji tili nayo pompano, koma sitiona anthu akukwera. Kodi sitimayo inalikodi? Nanga inathera pati?
Wowerenga wa pa Kamwendo, Mchinji

YANKHO: Agogowo akunena zoona, mwanawe. Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Koma ngakhale njanji itafika ku mtsinje wa Zambezi pambuyo pake, opita ku Beira ankatsika pamtsinjepo, kuwoloka pamadzi ndi katundu yense, n'kukakwera sitima ina kutsidya. Zinasintha mu 1935 pomwe mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu, unatha kumangidwa pakati pa Sena ndi Mutarara. Chaka chomwecho njanji inafika ku Salima. Ndiyo sitima ya agogo anuyo: kudzera ku Chipoka, Balaka, Limbe, kutsetsereka ku Chigwa cha Shire, mpaka kunyanja yamchere. Ofuna ntchito ku Salisbury, komwe lero timati Harare, ankasinthira sitima pa Dondo, pafupi ndi Beira.

Chimene chimandipweteka ine ndi ichi. Njanji inafika ku Lilongwe mu 1979 ndi thandizo la dziko la Canada, ndipo kwanu ku Mchinji inafika mu 1980. Inafika mochedwa. Nkhondo ya pachiweniweni inali itayamba kale ku Mozambique, ndipo m'zaka za m'ma 1980 zigawenga za Renamo zinatseka njira ya ku Beira, n'kuwononga mlatho wa Dona Ana. Inu mutangolandira njanji, kumene imapita kunali kutatsekeka.

Nkhondo inatha mu 1992, koma mu 1997 madzi osefukira anadula njanji cha ku Chiromo. Mu 1999 boma linapereka njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, ndipo phindu la kampani ya njanji lili pa katundu, osati pa mayi wa dengu la mtedza. Sindikuwadzudzula pofuna phindu. Boma ndiye linayenera kuumirira za anthu okwera.

Ngakhale njanji ya Mchinji–Chipata, yotsegulidwa mu 2010, sinabweretse sitima yomwe agogo amasimbayo. Mukhale nawo pansi akadali ndi mphamvu, muwafunse masiteshoni omwe ankaima ndi mtengo wa tikiti, mulembe m'kope.