Kodi dokotala wa X-ray angachize zotupa za m'chiberekero?

Mayi wina wokhala ku Johannesburg wandilembera imelo. Anamupeza ndi zotupa za m'chiberekero, zija amati ma fibroids, ndipo poti akuopa opaleshoni, amutumiza kwa interventional radiologist, yemwe ndi dokotala wa X-ray amenenso amachiza odwala. Akufunsa kuti: "Anthuwa si aja amangowerenga zithunzi? Andichiza ndi chiyani?"

Mayi, kale zinalidi choncho: amajambula, n'kupereka zotsatira kwa dokotala wina. Zinasintha pa 16 Januwale 1964 ku Portland, m'dziko la America. Gogo wina wa zaka 82 phazi linayamba kumuwolera chifukwa mtsempha wa magazi wa m'ntchafu unali utatsekeka, koma anakanitsitsa kuti amudule mwendo. Charles Dotter, katswiri wa X-ray, analowetsa tichubu mumtsemphamo n'kuukulitsa. Magazi anayambanso kuyenda, gogoyo anatuluka m'chipatala ndi miyendo yake yonse iwiri.

Kwa inu dokotala wanu adzachita zosiyana: m'malo motsegula, adzatseka. Adzakubayani jakisoni wa dzanzi m'mphechepeche kapena padzanja, n'kuboola kabowo ngati kanjere ka mpunga. Akuyang'ana pa sikirini, adzayendetsa kachubu mpaka pa mitsempha yodyetsa zotupazo, n'kuthiramo timibulu tonga mchenga. Chotupa chikasowa magazi chimafota pang'onopang'ono ngati dzungu loti tsinde lake ladulidwa. Njirayi si yongoyesera. Dokotala wina, Jacques Ravina, ndi anzake ku Paris analemba za iyo mu 1995.

Masiku ano madokotala amenewa ali paliponse m'chipatala. Amaletsa magazi kwa mayi amene akutaya magazi kwambiri atabereka, amawotcha zotupa za pachiwindi ndi singano, ndipo kuyambira 2015, kukoka magazi oundana mu ubongo wa munthu wodwala sitiroko kunakhazikika ngati chithandizo chodalirika. Ine chimandidabwitsa n'chakuti odwala ambiri sadziwa n'komwe kuti alipo.

Koma wina asakunamizeni kuti sizipweteka. Tsiku loyamba m'mimba mumapotokola kuposa nthawi ya kumwezi, n'chifukwa chake ambiri amagona m'chipatala usiku umodzi. Zotupazo sizisoweratu, zimangochepa, ndipo pamatenga miyezi. Simunandiuze ngati mukufunabe mwana. Ngati mukufuna, nenani msanga asanakupatseni tsiku, chifukwa kwa amayi otero madokotala ambiri amasankha opaleshoni yochotsa zotupa zokha n'kusiya chiberekero.